Chosaoneka chimafuna mboni

Kwathu kwa Lundu madzi amatha kusefukira kumwamba kuli mbee. Dzuwa likuswa mtengo, kamtambo kalikonse kulibe, koma mtsinje wa Mwanza wadzaza, ukukokolola mapesi, zitsa ndi mbuzi za eni ake kuthamangira nazo ku Shire. Mlendo amagwira pakamwa, mwana wa m'chigwa sadabwa. Iye amadziwa kuti mvula yagwa kumtunda, kumapiri a Mwanza ndi Neno, kapena ku Thyolo ndi Mulanje kumene Ruo amatunga madzi ake. Chimene chafika pakhomo ndi uthenga wochedwa wa zinthu zimene zachitikira kutali, iye asakuona. Akuluakulu ena amangoyang'ana mtundu wa madziwo ndi zinyalala zimene asenza, n'kukuuzani mbali imene mvulayo yagwera. Luso limeneli, lozindikira chosaoneka poyang'ana ntchito zake, ndi limene ndakhala ndikulilingalira pamene ndikuwerenga za anthu ofufuza zakuthambo, chifukwa nawonso ntchito yawo yagona pomwepo.

Chaka cha 2015 sichidzaiwalika m'chigwa muno. Mu January madzi anamiza midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 200,000 anasowa pogona. Koma chaka chomwecho kunadutsanso mafunde ena amene palibe anawamva. Lolemba pa 14 September, nthawi ili 11:50 m'mawa, odula nzimbe ku Nchalo ali kalikiliki, dziko lonse lapansi linatamuka n'kufinyika pang'ono zedi, kwa kanthawi kosakwana theka la sekondi. Mafundewo anadutsa ku Mbewe, pa Dyeratu, m'madambo a Elephant Marsh, ngakhalenso m'matupi mwathu. Anachokera kumene zinthu ziwiri zotchedwa black hole zinawombana n'kukhala chimodzi. Black hole ndi malo amene zinthu zapanikizana koopsa, moti mphamvu yake yokoka silola ngakhale kuwala kutulukamo. China chinali cholemera ngati madzuwa 36, chinzake ngati madzuwa 29. Zitaphatikana, kulemera kwa madzuwa atatu kunasanduka mafunde, ndipo mafundewo anayenda pa liwiro la kuwala kwa zaka pafupifupi 1.3 biliyoni asanatipeze. Pamene ankanyamuka, padziko pano panalibe mtengo, nsomba kapena ng'ona.

Amene anayamba kunena kuti mafunde otere alipo ndi Albert Einstein, mu 1916. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake iye anali atafotokoza kuti mphamvu yokoka imabwera chifukwa chakuti chinthu cholemera chimapinda danga ndi nthawi pamalo ochizungulira. Ngati zili choncho, zinthu ziwiri zolemera kwambiri zikamazungulirana mothamanga, kupindikako kuyenera kufalikira mbali zonse, ndipo paliponse pamene kwadutsa mtunda wa pakati pa zinthu umatalika n'kufupika. Vuto linali lakuti kusinthako n'kochepa mosaneneka. Panatenga zaka pafupifupi 100 kuti anthu apange chida chotha kukuyeza.

Chidacho ndi LIGO, ndipo zilipo ziwiri ku America: china ku Hanford, china ku Livingston, motalikirana makilomita pafupifupi 3,000. Chilichonse chili ndi mapaipi awiri otalika makilomita 4, oyalidwa mopingasana, ndipo mkati mwake anachotsamo mpweya. Kuwala kwa laser kumagawidwa pawiri, kumayenda m'mapaipiwo, kumagunda magalasi a kumapeto n'kubwerera kudzakumana. Mbali imodzi ikatalika kuposa inzake, kukumanako kumasintha. Pa tsiku lija magalasi anasuntha mtunda wochepa maulendo mazana angapo poyerekeza ndi kukula kwa proton, kamodzi ka tizigawo ta mkati mwa atomu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi khalidwe la anthu amene anagwira ntchitoyi. Anamanga zida ziwiri mwadala, kuti chimodzi chikanena, chinzake chivomereze kapena chikane. Galimoto yodutsa kapena chivomezi chaching'ono chikhoza kugwedeza chida cha ku Livingston, koma sichingajambule chizindikiro chofanana ku Hanford m'kanthawi komweko. Chizindikiro cha pa 14 September chinafika ku Livingston, ndipo patangopita magawo 7 mwa magawo 1,000 a sekondi chinafikanso ku Hanford, chili chimodzimodzi. Ngakhale zinali choncho, sanathamangire ku wailesi. Anakhala chete miyezi isanu akufufuza ngati makina ananama, kapena ngati wina mwa iwo omwe analowetsamo chizindikiro chabodza. Analengeza pa 11 February 2016, m'chikalata chimene anasainira anthu oposa 1,000. Ankakumbukira bwino za Joseph Weber, amene mu 1969 ananena kuti wagwira mafundewa ndi chida chake, koma anzake atapanga zida zofanana sanapeze kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 17 August 2017 kunabwera uthenga wa mtundu wina. Ulendo uno zowombana zinali nyenyezi ziwiri za neutron. Nyenyezi yaikulu ikatha moto wake imaphulika, chapakati pake n'kugumukira mkati, ndipo chotsalacho chimakhala chibulumwa cha makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, koma cholemera kuposa dzuwa. LIGO inamva mafunde ake kwa masekondi pafupifupi 100, ndipo chida cha Virgo cha ku Italy chinathandiza kuloza mbali ya thambo imene anachokera. Patangodutsa masekondi 1.7, zida zoyandama mumlengalenga zinaona kung'anima kwa mphamvu kuchokera mbali yomweyo. Usiku womwewo makina oonera kutali a ku Chile anapeza kadontho katsopano kowala mu mlalang'amba wotchedwa NGC 4993, umene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno. Malo ofufuzira zakuthambo okwana pafupifupi 70 analoza maso komweko, kuphatikizapo makina a SALT a ku Sutherland m'dziko la South Africa. Kuwalako kunasonyeza kuti m'kuwombana kotere ndi mmene mumapangika zina mwa zitsulo zolemera kwambiri, gulu limene mulinso golide. Agogo athu amene anakwera ndege za Wenela kupita ku Joni ankakumba chuma chimene mbali yake inaphikidwa m'ngozi zoterezi dzuwa lisanabadwe.

Nkhaniyi inalengezedwa pa 16 October 2017. Aliyense wa kuchigawo cha kummwera akukumbukira zimene zinali m'kamwa mwathu mwezi umenewo. Mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje, kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, n'kutsikira kuno kuchigwa. Anthu ankagona panja m'magulu. Misewu inatsekedwa ndi miyala, galimoto zachilendo zinkaimitsidwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi anzawo powaganizira kuti akupopa magazi. Mwezi umodzi womwewo, magulu awiri a anthu ankalankhula za zinthu zosaoneka ndi maso. Gulu lina linadikira miyezi iwiri likusonkhanitsa umboni wa zida zambirimbiri lisanatsegule pakamwa. Gulu lina linamva kwa wina amene anamva kwa wina, n'kutola miyala. Makolo anachenjeza kale kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Sindikunena kuti ife ndife opusa ndipo iwo ndi anzeru. Mantha a wosauka ali ndi mizu yake, ndipo kumayiko a azunguko mabodza amaphanso anthu. Kusiyana kuli pa mwambo umene munthu amatsata akakumana ndi chimene sakuchiona.

Mwambo umenewu umaoneka bwino pamene ofufuza akumana ndi chinthu chowazunguza. Pa 14 August 2019 zida zija zinamva black hole yolemera ngati madzuwa 23 ikumeza chinthu cholemera ngati madzuwa 2.6. Nyenyezi za neutron zolemera kwambiri zimene zinayezedwa bwino zimangopitirira pang'ono madzuwa awiri, pomwe ma black hole opepuka amene ankadziwika nthawi imeneyo ankayambira cha pa madzuwa asanu. Chomezedwacho chinagwera pakati, ndipo panalibe kuwala kulikonse koti kuulule chimene chinali. Miyezi itatu m'mbuyo mwake, pa 21 May, kunamvekanso kuwombana kwa zinthu zolemera ngati madzuwa 85 ndi 66, pomwe masamu amanena kuti nyenyezi ikamafa siyenera kusiya black hole yolemera ngati choyambacho.

Apa ndi pamene pamalowera nyenyezi zachilendo, zimene pakadali pano zimapezeka m'masamu mokha. Ina ndi nyenyezi ya quark: ngati kupanikizana kwa mkati mwa nyenyezi ya neutron kwapyola muyeso, ma neutron enieniwo, tinthu toipanga, akhoza kuphwanyika, n'kutsala tizigawo tawo ta mkati totchedwa quark. Ina ndi nyenyezi ya boson, yopangidwa ndi tinthu topepuka kwambiri timene sitinapezekebe. Yotereyi singawale konse, komabe ingakoke zinthu mwamphamvu pafupifupi ngati black hole. Mu 2021 gulu lina la ofufuza linasonyeza kuti chizindikiro cha pa 21 May chija chikhoza kufotokozedwanso ngati kuwombana kwa nyenyezi ziwiri za mtundu umenewu. Ambiri akugwirabe zoti anali ma black hole, mwina obadwa pa kuwombana kwina kwa m'mbuyo. Chosangalatsa n'chakuti mkanganowu uli ndi njira youthetsera. Nyenyezi yokhala ndi thupi imapindika ikayandikira inzake, ndipo kupindikako kumasiya chipsera m'mafunde. Black hole ikangobadwa imanjenjemera m'njira imene imadalira zinthu ziwiri zokha, kulemera kwake ndi liwiro la kuzungulira kwake. Chinthu china chilichonse chinganjenjemere mosiyana. Zida zikamanka zikuthwa, aliyense adzadziwa amene ankanena zoona, ndipo mpaka lero palibe nyenyezi yachilendo ndi imodzi yomwe imene yatsimikizika.

Kuseri kwa zonsezi kuli funso lalikulu kuposa onse. Mu 1933 Fritz Zwicky anayeza liwiro la milalang'amba ya m'gulu lotchedwa Coma, ndipo anapeza kuti ikuthamanga kwambiri moti ikanayenera kumwazikana kalekale, pokhapokha pakhale china cholemera chimene chikuigwira. Anzake sanamulabadire kwenikweni. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza nyenyezi za m'mphepete mwa mlalang'amba wa Andromeda ndi ina yambiri. Zinayenera kuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi za mkati, monga mmene mapulaneti akutali ndi dzuwa amachitira, koma anazipeza zikuthamanga mofanana. Umboni wina unabwera kuchokera ku mmene kuwala kumapindikira podutsa pafupi ndi magulu a milalang'amba, komanso ku kuwala kotsalira kuchokera pa chiyambi cha chilengedwe. Njira zosiyanazi zikuloza kumodzi: pali chinthu chimene sichiwala, sichitchinga kuwala, koma chimakoka, ndipo n'chochuluka maulendo pafupifupi asanu kuposa zonse zopangidwa ndi maatomu. Amachitcha dark matter. Nyenyezi, mapiri, Shire ndi ife tonse tikungokwana magawo 5 pa 100 alionse a zimene zili m'chilengedwe, pomwe icho chikutenga magawo pafupifupi 27.

Kuchisaka kwafika mpaka pansi pa nthaka. Ku South Dakota m'dziko la America, mu mgodi wakale wa golide wa Homestake, makilomita pafupifupi 1.5 kunsi, muli thanki ya matani 7 a xenon yamadzimadzi, yodikira kuti kanthu kamodzi ka dark matter kagunde atomu n'kutulutsa kakuwala. Ina yofanana nayo ili pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy. Kuno ku Africa, makina a HESS a ku Namibia amayang'ana pakatikati pa Mlalang'amba wathu, pamene akuganiza kuti chinthuchi chaunjikana, ndipo ku Karoo m'dziko la South Africa mbale 64 za makina a MeerKAT zimawerenga kuphethira kwa nyenyezi za neutron pofuna kumva mafunde aatali kwambiri amene LIGO singawagwire. Ena akuyembekezera kuti yankho lidzachokera ku nyenyezi zachilendo zija, pakuti ngati nyenyezi ya boson itapezeka, tinthu toipanga tikhoza kukhala dark matter yomweyo. Enanso akufufuza ngati chinthuchi chimaunjikana mkati mwa nyenyezi za neutron n'kusintha mmene zimapindikira. Zaka zoposa 90 zapita chiyambire pa Zwicky, ndalama zambiri zalowa, koma kanthu kake sikanagwidwe. Chaka ndi chaka ofufuza amaimirira pamaso pa anzawo n'kunena kuti tafufuza apa ndi apa, sitinapeze. Mawu amenewa amalembedwa, amasindikizidwa, ndipo amalemekezedwa ngati zotsatira zenizeni.

Mbiri ikusonyeza kuti kusaka chosaoneka kumatha kuthera mbali ziwiri. Pulaneti ya Uranus itaoneka kuti ikupatuka panjira yake, Urbain Le Verrier anawerengetsa kuti pali pulaneti ina yobisika imene ikuikoka, n'kuloza malo ake. Mu 1846 anthu anayang'ana pamalopo ndipo anapeza Neptune. Mu 1859, chaka chimene David Livingstone ankakwera Shire n'kufika kwa Chibisa, Le Verrier yemweyo ananenanso kuti kupatuka kwa Mercury kukuchitika chifukwa cha chinthu china chobisika pafupi ndi dzuwa. Pulaneti yoganiziridwayo inapatsidwa ndi dzina lomwe, Vulcan, ndipo ena analumbira kuti aiona. Kunalibe. Chimene chinali choperewera linali lamulo la mphamvu yokoka lenilenilo, ndipo Einstein ndi amene analikonza mu 1915. N'chifukwa chake lero lino alipo ochepa, kuyambira pa Mordehai Milgrom mu 1983, amene amati mwina dark matter kulibe, lamulo ndi limene likufunika kukonzanso. Ambiri sagwirizana nawo chifukwa maganizo awo amalephera kufotokoza umboni wonse, koma palibe amawagenda. Amawayankha ndi miyeso.

Ndikudziwa funso limene mayi wa ku Makhanga, amene nyumba yake inapita ndi namondwe Freddy mu March 2023, angandifunse: kodi zimenezi zidzaika ufa m'nkhali? Yankho loona ndi lakuti ayi. Mafunde ochokera ku ma black hole sadzamanga mpanda wotchinga madzi, sadzatsitsa mtengo wa chimanga pa Ngabu. Ndingathe kutchula phindu lina limene ladza chifukwa cha kafukufuku wotere, monga GPS ya m'mafoni mwathu imene singalondole malo popanda masamu a Einstein, koma kumeneko n'kuzemba funso. Chimene ife tingatolepo ndi mwambo uja: yeza, funa mboni yachiwiri yosagwirizana ndi yoyamba, dikira, ndipo ukapanda kupeza vomera kuti sunapeze.

Mwambowu si wachilendo kwa ife, ndipo suchotsa ulemu pa zimene makolo anatisiyira. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene a Lundu ndi mafumu anzawo akhala akumusamala kwa mibadwo yambiri, amagwirizanitsa anthu pa nthawi ya chilala ndi mavuto, ndipo imeneyo ndi ntchito imene chida chilichonse sichingagwire. Makolo omwewo ankayang'ana Nsangwe kuti adziwe nyengo, ankadziwa pamene madzi anafika chaka chakuti ndi chakuti, ankasankha chitunda chomangapo mudzi. Kumeneko kunali kuyeza. Phiri likagumuka ananena kuti wadutsa Napolo, ndipo kupereka dzina kwa chinthu chosamvetsetseka si mlandu, pakuti asayansi nawo achita zomwezo. Mlandu umayamba pamene dzinalo latseka kufufuza, kapena pamene lagwera pamutu pa munthu wamoyo. Chivomezi chitagwedeza Nsanje mu March 2018, chifukwa chake chinali chodziwika: chigwa chathu ndi mbali ya mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, ndipo miyala ya pansi pathu imasuntha. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, palinso chifukwa chimene chingapezeke poyeza magazi. Koma kangati pamene m'malo moyeza timaloza chala gogo wa kumapeto kwa mudzi?

Palinso china chimene chimandikhudza. Usiku wa mu June ndi July, m'midzi yopanda magetsi ya kuno kwathu, pakatikati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu penipeni, malo omwewo amene makina a ku Namibia amawayang'anitsitsa. Anthu a ku Ulaya amawaonera m'munsi mwa thambo, ena sawaona n'komwe. Mwana wa ku Tomali kapena ku Bangula ali ndi thambo labwino kuposa la mwana wa ku London, koma kawirikawiri palibe womuuza chimene akuyang'anacho. Mu 1965, mu mgodi wa ERPM ku Boksburg, makilomita oposa atatu pansi pa nthaka, Frederick Reines ndi anzake a ku yunivesite ya Witwatersrand anagwira tinthu totchedwa neutrino tochokera mumlengalenga, imodzi mwa ntchito zoyambirira za mtundu wake padziko lonse. Pa nthawi imeneyo Amalawi zikwizikwi anali m'migodi ya kumeneko atagwira mafosholo ndi zibowolero. Zidzukulu zawo siziyenera kuthera pa fosholo. Mayiko oyandikana nafe monga Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu yofufuza zakuthambo yotchedwa SKA, pomwe Malawi mulibe. Komabe yunivesite ya MUST ili pa Ndata ku Thyolo, pamwamba pathu pomwepa, ndipo ku Zomba amaphunzitsa fizikisi. Zimene LIGO imajambula zimaikidwa pa intaneti kwaulere, moti wophunzira wokhala ndi kompyuta ndi masamu okwanira akhoza kuzisanthula ali ku Chikwawa.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi, makolo ndi mafumu. Mwana akafunsa chimene chimagwira nyenyezi kuti zisamwazikane, musamuuze kuti afunse za nzeru. Muuzeni kuti anthu ophunzira kwambiri padziko lapansi akufunsanso zomwezo ndipo sanapeze yankho lonse. Uthenga wa madzi osefukira ukabwera kuchokera kwa oyeza mitsinje ndi a zanyengo, tiumvere ngakhale kunja kuli dzuwa, chifukwa uli ndi muyeso kumbuyo kwake. Ndipo wina akabwera ndi nkhani ya chinthu chosaoneka chimene akuti chikuvutitsa mudzi, tisanatole mwala timufunse mafunso atatu: waona ndani, wina amene waona payekha ndani, ndipo n'chiyani chingatisonyeze kuti nkhaniyo ndi yabodza? Nkhani imene singapirire mafunso amenewa isaloledwe kukhetsa magazi a munthu.